Ngalawa pa Nangula, Mwini Wake pa Bedi

Lolemba, 18 Novembala

Andigoneka m'wodi ya amayi, m'mwamba, bedi la pafupi ndi khomo. Ndawatuma a Niba, amuna anga, kuti akanditengere kope ndi cholembera kungalawa, chifukwa chiyambire kuyenda pa nyanja sindinagonepo osalemba kumene mphepo ikuchokera ndi pamene tafika. Za mphepo lero sindikudziwa. Pamene ndafika ndi pa Mindelo, doko la pa chilumba cha kwathu, kumene ndinachoka kalekale. Sindinkaganiza kuti ndidzalowa kwathu anthu atandinyamula ngati thumba la mchere.

Mlandu ndi phazi lakumanzere. Tikuchokera ku La Gomera tinakola nsomba yaikulu. Ikuphiriphitha m'ngalawa mbedza inasololoka, ine n'kuiponda. Sizinandipweteke kwenikweni. Ndinatsuka ndi madzi a m'nyanja monga ndimachitira masiku onse, n'kumangapo kansalu. Pomafika kuno dzulo phazi linali litatupa ngati buledi, zala ziwiri zakumapeto zitada bii.

Thupi latentha 39.2. Shuga 380. Ndinawauza anamwino, a Ivete, kuti ine shuga ndilibe. Anangondionetsa kamakina kawo.

Adokotala ndi mayi wamfupi wolankhula mothamanga, Dr. Delgado. Alamula diripi ya mankhwala katatu pa tsiku, insulini, ndiponso kuti phazi lisakhudze pansi. A Ivete alemba mzere pakhungu kuzungulira pamene patupa, akuti tione ngati kutupako kudumphe malire.

Ndawauza adokotala kuti andikonze msanga, chifukwa kumayambiriro kwa Disembala tikuwoloka nyanja kupita ku Tobago. Anangopitiriza kulemba m'faili yawo.

Sindikuopa. Ndaonapo zazikulu kuposa phazi.

Lachiwiri, 19 Novembala

Kuno kumacha ndi phokoso la zidebe. Kukolopa, kuyeza thupi, kubaya chala, jakisoni, kenako tiyi wopanda shuga ndi kabuledi koti mphepo ingakaulutse. Shuga 290, thupi 38.6.

Bedi loyandikana ndi langa pali mayi wamkulu, a Tuda, wogulitsa nsomba pamsika wa kugombe. Nawonso ndi shuga, mwendo wakumanja, ndipo wawo waipa kuposa wanga. Pakamwa pokha ndiye pali bwino. Atamva kuti ndine wa m'ngalawa za matanga zija zimadzaza doko nyengo ino, anadzuka n'kutsamira chigongono.

"Ndiye adona, inu mumalowa m'nyanja popanda wokutumani? Nsomba simusaka, katundu simunyamula?"

"Timangoyenda, amayi. Chilumba ichi, chilumba icho."

"Mukafika?"

"Timachapa, timagula ndiwo, timakonza zothyoka. Tikatopa napo timanyamuka."

"Kuchapa ndi kugula ndiwo! Zimenezo ine ndimachita osanyowa n'komwe." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Nyanja imeneyi inandidyera mwamuna, inu n'kumakachita nayo chibwenzi. Misala ilipo mitundu yambiri."

Tigwirizana ndi mayi ameneyu.

Lachitatu, 20 Novembala

Abwera achemwali anga, a Firmina. Papita zaka tisanaonane. Asanandipatse moni anayamba ayang'ana phazi, n'kugwira pakamwa.

"Zulmira, unkafuna zimenezi, eti?"

"Ndi mbedza chabe, achemwali."

"Anthu okhala m'nyumba saponda mbedza pabalaza."

Anabweretsa msuzi wa nkhuku wothira mpunga, ndi kachupa wokazinga, chakudya cha kwathu kuno, m'mbale ina. A Ivete analanda kachupayo, akuti chimanga ndi mbatata zake zikweza shuga. A Tuda anaiperekeza mbaleyo ndi maso mpaka pakhomo.

A Firmina akuti kunyumba kwawo ku Monte Sossego chipinda cha mwana wawo chilibe munthu, chibwatocho tigulitse. Amatero nthawi zonse: chibwato. Ngalawa yathu dzina lake ndi Cagarra. Tinaigula ku Rotterdam ili yowola, a Niba atatopa ndi mainjini a sitima za eni ake, ine nditatopa ndi kukolopa maofesi awo, ndipo tinaikonza ndi manja athu. Takhalamo zaka zoposa makumi awiri. Mwana sitinapatsidwe; tinapatsidwa iyo.

Ine ndi a Firmina bambo wathu ndi mmodzi, koma timakumbukira zosiyana. Bambo ankayendetsa ngalawa ya matanga yonyamula nthochi ndi nkhuni kuchokera ku chilumba choyandikana nafe cha Santo Antão. A Firmina amakumbukira amayi ali chiimire pagombe, kudikira. Ine ndimakumbukira bambo akundigwiritsa tsigiro, chiwongolero cha ngalawa, ndisanayambe n'komwe sukulu, akunena kuti, "Usayang'ane manja ako, yang'ana thanga."

Lachinayi, 21 Novembala

Atsuka bala, adula mnofu wakufa. Mafinya anatuluka ambiri, fungo lake ndinachita nalo manyazi. Ajambula phazi. Thupi 38.9. Ndilekeze pano.

Lachisanu, 22 Novembala

Dr. Delgado anabwera ndi chithunzi, n'kuchiimika kuzenera. Tizilombo talowa m'fupa. Akufuna kuchotsa zala ziwiri zadazo, pamodzi ndi kachigawo ka fupa la kumbuyo kwake.

Ndakana.

Ndinawafotokozera bwinobwino. Pa ngalawa munthu amayenda wopanda nsapato, ndipo mafunde akaipendeketsa, zogwira ndi zala. Ndakwera mlongoti ndi zala zimenezi. Ndinawauzanso kuti ku Brazil mwala wa m'nyanja unanditema bala lalikulu kuposa ili, ndipo linapola popanda dokotala.

"Nthawi imeneyo munalibe shuga wa 380," anatero. "Mayi Fortes, kusamva kuwawa kuja si kulimba mtima ayi. Ndi mitsempha imene yayamba kufa."

"Mankhwala apatseni mpata."

"Mpaka Lolemba. Koma kutupaku kukapitirira, tidzayamba kukambirana za phazi lonse."

A Niba anali chiimire kumiyendo kwa bedi, chipewa m'manja. Ndinati, "Nenanipo kanthu, bambo." Anati, "Kaputeni ndinu." Ndi mawu awo amenewo kuyambira kale, kawirikawiri mondisereula. Lero sanaseke.

Shuga 210. Akutsika. Thupi langa ndimalidziwa, lichira.

Loweruka, 23 Novembala

Ndadzuka ndi mphamvu. Thupi 37.8.

Abwera a Yann, mzungu wa ku France wokhala yekha m'ngalawa yachitsulo. Tinadziwana ku Horta, ndipo takhala tikukumana m'madoko osiyanasiyana ngati anthu a mudzi umodzi. Anabwera ndi mapapaya ndi nkhani. Akuti doko ladzaza, ngalawa zathinana ngati mbuzi m'khola, aliyense akuthamangira gasi, mazira ndi mikoko ya nthochi zosapsa yomangirira kumbuyo. Ambiri ndi atsopano, sadziwa kuti mphepo ya pa Mindelo imatsika m'mapiri ngati munthu wolusa, ndiye aponya anangula ndi unyolo waufupi. Ndawauza a Niba kuti aziyang'anira amene aima kutsogolo kwathu.

Alendo atapita, a Tuda anafuna ndiwauze za misika ya kutali. Ndinawauza za ku Dominica, kumene asodzi akafika amaliza chigoba cha nkhono ya m'nyanja ngati lipenga, anthu n'kumatuluka m'nyumba mbale zili m'manja. Za ku Brava, kumene mayi wina anandibwereka mwala wake wochapira, ndipo tsiku lonyamuka anatipatsa tambala wamoyo amene anatisokosa mpaka a Niba anataya mtima n'kumuphika. Za kachilumba kena ka ku Brazil, kumene ndinasoka thanga pansi pa mtengo wa mango, mudzi wonse ukundiuza kasokedwe. Anthu amaganiza kuti moyo wathu uli pa mafunde. Wambiri uli pamtunda: pamzere wotunga madzi, pakhomo pa wowotcherera zitsulo, m'khitchini mwa munthu amene dzulo sunkamudziwa. Chotopetsa ndi kutsanzikana basi.

"Nsomba zawo amazipala bwanji?" anafunsa a Tuda. Ndinawasonyeza ndi manja. Anati, "Aulesi."

Kenako anandiuza kuti iwo Lolemba akupita ku fiyeta. Ananena ngati akunena za ulendo wa kumsika.

Lamulungu, 24 Novembala

Kutupa kwadumpha mzere. Pang'ono, ngati chala chopingasa, chakumwamba kwa phazi. A Ivete alemba mzere wachiwiri. Mwina ndi chifukwa choti dzulo ndinakhalitsa tsonga. Ndaika mwendo pa mapilo awiri.

Kunabwera amayi a kutchalitchi kudzaimba. A Tuda anaimba mokweza kuposa onse, ngakhale mawu ake sakuwadziwa.

Lolemba, 25 Novembala

A Tuda anawatenga m'mawa. Anawabweza masana. Kuyambira pa bondo lakumanja kupita kumunsi, chofunda changogona pa matiresi, palibe chochitukula.

Dr. Delgado anaona mzere wachiwiri, anati abweranso mawa. Thupi 38.8. Sindinadye.

Lachiwiri, 26 Novembala

M'mawa a Tuda anandiitana ndi mawu otsika, osatembenuka.

"Adona."

"Ndili pano, amayi."

"Inenso anayamba n'kundipempha chala. Chimodzi, chaka chatha. Ndinati beseni la nsomba ndizidzalisenza bwanji, n'kuthawira ku mankhwala a masamba. Apatseni akadali kupempha zala. Akafika pa bondo sapemphanso."

Kenako anati, "Ndipo kukuyabwa. Kuphazi kumene kulibeko, kukuyabwa. Ndikande pati?"

Adokotala atalowa sindinadikire kuti ayambe iwo. Ndinati, "Tengani ziwirizo, koma zitatu zotsalazo musaziyang'ane n'komwe." Ndasaina. Lachinayi m'mawa.

Pa nyanja timati thanga ulichepetse pamene waganiza koyamba zolichepetsa, osati mphepo itakukulira. Lamulo limeneli ndaphunzitsa anthu ambiri.

Lachitatu, 27 Novembala

Ndilembe zonse mutu usanazisokoneze.

Kunacha ndi fumbi la kuchipululu, dzuwa lili psuu, mazenera akugwedezeka. Kumapeto kwa khonde kuli zenera loonera mbali ina ya doko, pakati pa madenga. Ndinawachonderera a Ivete mpaka anandikankhira kumeneko pa mpando wamatayala, diripi ndi yomwe.

Cagarra ndinaipeza msanga, koma sinali pamalo pake. Ngalawa ina yaikulu yoyera, eni ake atapita kumtunda, inali itakokoloka ndi mphepo, nangula wake n'kukola unyolo wathu. Ziwirizo zinkabwerera chambuyo limodzi, zikugundana. Kumbuyo kwake kuli chisitima chadzimbiri chimene chinamira theka kalekale.

A Niba anali okha.

Zaka zonsezi, m'doko tsigiro amagwira ndine. A Niba amakhala kutsogolo ndi nangula, kapena pansi ndi injini yawo. Sanayendetsepo Cagarra pothinana. Ndimati alibe diso lake, iwo n'kumavomera.

Ndinaimba foni. Inaitana, inaitana. Anayankha, mphepo ili phuu m'khutu. "Bambo, kokani unyolo, muyambe mwamasula wa eni akewo, kenako..." Foni inaduka. Kuimbanso, siikupezeka.

Ndinayamba kulamula galasi la zenera. Amayi a m'wodi amene amatha kuyenda anandizungulira. A Tuda anakuwa ali pabedi, "Zafika pati? Wina andiuze, ine ndilibe mwendo!"

Ndinaona kamunthu kakuthamangira kutsogolo kwa ngalawa. Ndinati akukoka. Ayi, sanakoke. Anamangirira chigubu kumapeto kwa unyolo n'kuutayira wonse m'madzi, pamodzi ndi nangula wathu wabwino uja. Ndinakuwa, "Mwapenga!" Cagarra itamasuka inatembenuka cham'mbali, mphepo n'kuitenga molunjika chisitimacho. Kamunthu kaja kanathamangira kumbuyo. Utsi wakuda unatuluka, mphuno ya ngalawa inayamba kukhota pang'onopang'ono, ndipo inadutsa pafupi ndi dzimbirilo moti pakati pake sindinaonepo madzi. Kenako inatulukira poyera, n'kumazungulira kunja kwa ngalawa zonse modekha, ngati ikupita kuukwati.

Posakhalitsa kunatulukira tibwato, ka a Yann patsogolo. Ena anakwera yoyera ija n'kuiponyera nangula wina itatsala pang'ono kugunda. A Yann anakwera Cagarra, n'kuthandiza kuponya nangula wathu wachiwiri pamalo otakasuka.

Amayi anawomba m'manja khonde lonse. A Ivete atandiyeza anapeza magazi akuthamanga 175, ndipo Dr. Delgado alamula kuti mpando wamatayala ubisidwe.

Ine ndikanakhalapo ndikanalimbana ndi kumasula nangula. Sindikanamutaya. Ndipo pano tikanakhala pa dzimbiri paja.

A Niba anafika madzulo, zikhatho zitasupuka, mchere uli mbuu m'nsidze.

"Foni inagwera m'madzi?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndinaizimitsa."

A Tuda anaseka mpaka anamwino anabwera kudzaona ngati bala lawo silinatseguke.

Kuyambira usiku uno osadya kanthu. Mawa.

Lachisanu, 29 Novembala

Zatheka dzulo. Anandibaya pamsana, ndinali maso, zitsulo ndinkazimva koma ululu ayi. Zala ziwiri ndi kachigawo ka fupa. Bala alisiya lotsegula masiku angapo kuti zoipa zizituluka. Ululu unabwera madzulo, ndipo unabwera ndithu. Thupi 37.4.

Loweruka, 30 Novembala

Thupi 36.9, koyamba chilowereni muno. Shuga 150. Ndaliyang'ana phazi akusintha bandeji. Laonda mbali imodzi ngati nsomba yodulidwa chipsepse. Ndi langa ndithu.

A Yann ndi anzawo atsata chigubu chija, akamuvuula nangula wathu.

Lolemba, 2 Disembala

A Niba anabwera atameta ndevu, atavala malaya a kolala. Anakokera mpando pafupi, n'kukhala mowongoka ngati ali pabwalo la milandu.

"Ngalawa ndinaipulumutsa, eti?"

"Munaipulumutsa."

"Ndiye lero ndilankhule ine, inu mumvetsere mpaka ndimalize."

Ndinaganiza kuti a Firmina awanyengerera za kugulitsa. Sizinali zimenezo. Akufuna kulima. Kwawo ku Paúl, ku Santo Antão, kuli timinda ta bambo awo ta m'phiri, ndipo chimwalirireni achimwene awo palibe wogwirako khasu. Makoma a miyala otchinga nthaka akugumuka. Akufuna mvula imodzi yokha: akonze makoma, adzale chimanga ndi nyemba, akolole.

"Zaka zonsezi ndadya chimanga cha anthu ena pa zilumba za anthu ena," anatero. "Ndikufuna ndidyeko changa ndisanafe. Nyanja sindinadane nayo. Koma ndakalamba, mayi, ndipo ndikufuna ndione chinthu chikumera pamene ndinachisiya."

"Bwanji osanena kale?"

"Ndinanena. Ku Horta ndinanena, ku Grenada ndinanena. Inu munkayang'ana mitambo."

Ndinapsa mtima. Ndinati asankha nthawi yabwino, mkazi ali chigonere wopanda zala. Anati inde, chifukwa ndi nthawi yokhayi imene sindingaimirire pakati pa nkhani n'kupita kukamanga chingwe.

A Tuda analowererapo osaitanidwa. "Adona, mwamuna wopempha munda m'patseni. Ena amapempha mkazi wachiwiri."

Ndawauza a Niba kuti ndiganize kaye.

Lachiwiri, 3 Disembala

Ndakumbuka za ku Horta. Tinadutsa pa dimba la mkulu wina, a Niba anaima pampanda nthawi yaitali, akufunsa za nyemba. Anatembenuka n'kunena kanthu. Ine ndinayankha kuti mphepo itembenuka Lachisanu, tifulumire kugula mafuta.

Shuga 160. Bala lauma, fungo latha.

Lachitatu, 4 Disembala

Atseka bala ku fiyeta, asoka ndi ulusi. Adokotala akuti mnofu ndi wamoyo, fupa lotsalalo ndi labwino. Diripi ipitirira masiku khumi ena, kenako mapiritsi. A Ivete andiphunzitsa kudzibaya insulini pamimba. Ndinakhoza ulendo woyamba womwe. Amene wasokapo thanga saopa singano.

A Firmina abweretsa nsomba yowotcha, masamba ndi kachidutswa ka tchizi cha mbuzi. Za chibwato sanatchule. Anandipesa tsitsi monga ankachitira tili ana, mokoka, ndipo ndinawalola.

Loweruka, 7 Disembala

Anzathu anyamuka. A Ivete anabweza mpando uja kuti ndikaone. Mphepo yabwino, yakumpoto chakum'mawa, fumbi latha, Santo Antão akuoneka mpaka pansonga. Ngalawa zinatuluka motsatizana, matanga akutambasuka zikangodutsa kachilumba ka pakhomo pa doko. Ya a Yann inali yomaliza. Analiza lipenga; zenera langa akulidziwa.

Ndinalira. Pang'ono.

Dzulo podzatsanzika a Yann anati, "Tobago sathawa." Mawu amenewa ndakhala ndikuuza ena. Kuwamva ndi nkhani ina.

Nditabwerera pabedi a Tuda anati, "Mwaona tsopano mmene zimakhalira kwa otsala pagombe."

Lamulungu, 8 Disembala

Ndinawafunsa a Firmina chimene amadanira ndi Cagarra. Anapitiriza kusenda lalanje, osandiyang'ana.

"Sindidana ndi thabwa ine. Koma wailesi ikanena za namondwe, ine sindidziwa kuti uli pati. Amayi atamwalira tinakusaka m'madoko atatu. Uthenga unakupeza titasesa kale."

Zimenezi ndinkazidziwa, koma ndinali ndisanazimvepo kuchokera pakamwa pawo. Ndinati masiku ano kuli timakina tosonyeza pamene ngalawa ili, a Niba adzawaikira pafoni. Anati, "Ndiye kuti upitabe." Ndinati inde. Anandipatsa theka la lalanje, lina anapatsa a Tuda, a Ivete asanaone.

Lolemba, 9 Disembala

Abwera a mafizo, ophunzitsa odwala kuyenda, ndi ndodo ziwiri. Ndayenda mpaka pakhonde ndi kubwerera, kupondera chidendene. Pansi pano sipagwedezeka, ndiye n'zosavuta.

Ndinawafunsa Dr. Delgado mosapita m'mbali ngati ndidzayendenso pa nyanja. Anawerenga pa zala zawo. Madzi a m'nyanja ayi mpaka Malichi. Kuyenda wopanda nsapato ayi mpaka kufa. Mapazi kuwayang'ana ndi kalilole tsiku lililonse. Insulini asamatenthedwe. Shuga ayambe wakhazikika miyezi ingapo ndisanapite kumene kulibe chipatala.

"Ndiye kuti inde," ndinatero.

"Inde wake ndi wa munthu womvera. Inu ndinu womvera?"

"Ndikuphunzira."

Kafiriji kakang'ono a Niba akhoza kukalumikiza ku mphamvu ya dzuwa. Nsapato zosaterera pa thabwa lonyowa zilipo. Mlongoti azikwera wina. Palibe chondikanika apa.

Lachitatu, 11 Disembala

Ndawayankha a Niba. Ndinayamba n'kuwafunsa za timinda tija, ndipo analankhula mpaka tiyi anazizira: kasupe ali pati, mtengo wa mapeyala umene anadzala amayi awo, khoma limene anagwapo ali mwana n'kuthyoka dzino. Ndakhala ndi munthu ameneyu m'kachipinda kopapatiza ngati bokosi zaka zonsezi, sindinamumvepo akulankhula chonchi.

Mfundo zanga ndi izi. Cagarra sigulitsidwa. Ituluke m'madzi, ipentedwe, ndipo phazi likalola tiziyendera zilumba zathu zomwe zino, zimene ndazidutsa kambirimbiri ndikuthamangira za eni ake. Mvula ikagwa mu Ogasiti tidzale. Tikakolola, tiwoloke.

"Nanga ikapanda kugwa?" anafunsa. Kuno imatha kukana chaka chathunthu, nthawi zina ziwiri.

"Munati mvula imodzi. Tidzaidikira."

Chimene ndalonjeza ndikuchidziwa.

"Ndipo m'doko," anatero, "tsigiro tizisinthana."

"Musapyole malire, bambo."

Koma tizisinthana.

Loweruka, 14 Disembala

Diripi yachotsedwa. Mapiritsi kawiri pa tsiku kwa mwezi. Shuga 128 m'mawa. Ulusi adzachotsa sabata ya mawa. Akuti Lolemba ndituluke.

A Tuda atsala, bala lawo likuchedwa kupola. Koma ayamba kale kukonza za kumsika. Mwana wawo wamkazi azikatenga nsomba kugombe, iwo azikhala pa mpando ndi mpeni ndi sikelo. "Pakamwa sanadulepo," akutero. Lero anandituma kuti ndiwaonetse mmene ndodo zimagwiridwira. Ndinayenda pakati pa mabedi ngati msilikali, iwo akundidzudzula kuti ndikupendekera kumanja ngati bwato lodontha.

Lolemba, 16 Disembala

Ndikulemba ndili ku Monte Sossego, m'chipinda cha mwana wa a Firmina, mwendo uli pa pilo. Ndikhala kuno mpaka bala litapola, chifukwa kutsikira m'kabwato sindingathe.

Potsanzikana ndinawagwira dzanja a Tuda, misozi ikulengeza m'maso. Anati, "Pitani, adona, musandinyowetsere bulangete. Mukafuna nsomba muzibwera kwa ine. Zokola nokha zija mwaona mmene zimathera."

M'takisi ndinapempha kuti tidzere kugombe. A Firmina anadandaula, koma woyendetsa anakhota. Anaima pafupi ndi msika wa nsomba, ine n'kutsitsa galasi. Mphepo inandimenya kumaso, yamchere, yozizira bwino. Doko lapepuka, ngalawa zatsala zowerengeka. Cagarra ili apo, mphuno ili kumphepo, unyolo wautali monga mufunikira.

Koma nsalu yophimba thanga anaimanga chokhota, kumbuyo kwake kukukupiza, ndipo zingwe za pamlongoti anazisiya zolendewera, zoti zizimenya chitsulo ngati belu la tchalitchi.

A Niba sankayang'ana ngalawa. Ankayang'ana ine, kudikira.

"Ili bwino," ndinatero.

Anaseka mpaka misozi, a Firmina n'kumafunsa kuti choseketsa n'chiyani.

"Bodza," anatero a Niba. "Mawa ndikakonza."